Kambale ka Kamasaya

Wophika buledi ankafika kunyumba dzuwa litakwera kale, nsidze zili mbuu ndi ufa, miyendo ikudziyendera yokha. Ntchito yake inkayamba kunja kusanache n'komwe, ndiye pofika nthawi imeneyi mutu wake unkakhala uli theka kuno, theka kutulo. Ankakwera masitepe akumvabe kutentha kwa uvuni m'masaya. Nthawi zina ankaima pakhomo n'kumapisapisa m'matumba kufuna makiyi, chitseko chili chotsegula kale.

Pachitseko pomwepo m'pamene banja lawo linkachitikira masiku amenewo. Mkazi wake ankasita nsalu kumalo ochapira zovala za m'mahotela, kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Mwamuna akamalowa, mkazi ankakhala atavala kale nsapato, chikwama paphewa, mwana m'manja. Ankapatsirana mwanayo ngati omanga nyumba akupatsirana njerwa, moni pang'ono, basi wina uko wina kuno. Madzulo zomwezo mosinthanitsa: mkazi kulowa, mwamuna kukagwa pabedi. Kudya, aliyense ankadyera kuntchito kwake, choimirira.

Mwanayo anali wamkazi, wotsala pang'ono kukwanitsa chaka. Dzina anali nalo, labwino ndithu, koma palibe ankalitchula. Chibadwire anali Kamasaya, chifukwa masayawo ndiwo ankayamba kuoneka mwini wake asanaoneke. Mkaka wa mayi ake unauma atangobwerera kuntchito, choncho Kamasaya anakulira botolo, ndipo ankalikonda botololo kuposa abale ake onse kuwaphatikiza pamodzi.

"Bambo a Kamasaya, kambale kali patebulo, ndavundikira," ankatero mkaziyo phazi limodzi lili kale panja. "Lero ndi dzungu, ndathiramo dzira pang'ono. Muyambe ndi chakudya, botolo pambuyo. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

"Mwamva, kapena mukulota?"

"Zonse."

Tinene chilungamo, munthuyo ankayesa. Ankamukhazika Kamasaya pakampando kake, kumumanga kansalu pakhosi, n'kutapa dzungu ndi kasupuni kapulasitiki. Ankaimba, kulira ngati galimoto, kuyendetsa kasupuniko m'mwamba kuti mwina kalowe modzidzimutsa. Kamasaya ankamuyang'ana mwachifundo, milomo atayiluma kuti ndii, kenako n'kutembenuzira mutu kushelefu komwe botolo linkakhala. Kasupuni kakayandikira kwambiri, ankakamenya ndi chikhatho, dzungu n'kukamatirira kukhoma. Akatero kulira kunkayamba, kulira kowonda, kodandaula, komwe kunkamulowa bamboyo mpaka m'mano. Kuyesa kwa munthu watulo sikupita patali. Ankadzazindikira ali kale pa ketulo, akugwedeza botolo, akudontheza mkaka padzanja kuti amve ngati wazizira mokwanira.

Ndiye ola lake linkafika. Ankagona chagada pa sofa, Kamasaya pachifuwa, katani yachikasu atayitseka theka. Dzuwa linkadutsa m'kataniyo n'kupaka chipinda chonse mtundu wa batala. Pansi pawo telala wa chipinda chapansi ankapalasa makina ake, kuima, kupalasanso. Kamasaya ankayamwa pang'onopang'ono, dzanja limodzi pabotolo, lina litagwira khutu la bambo ake, kuopa kuti angathawe. Mpweya wake unkanunkhira mkaka wofunda. Bamboyo ankamvetsera kumeza kwake, n'kumamira. Ankaona msewu wawo wasanduka ufa wokanda, wofewa, ukufufuma mwakachetechete, mabasi akutitimira mpaka m'magudumu koma okwera osadandaula. Ankaona mabuledi akutuluka mu uvuni okha, kudutsa pazenera, kukaima pamzere pawaya wamagetsi. M'maloto monsemo chinthu chimodzi chokha chinali cholemera, chenicheni, ndicho kamunthu kali pachifuwako. Pa tsiku lonse lotentha ndi lothamanga, ola limeneli ndilo linali lake, ndipo ankalikonda mopanda manyazi.

Manyazi ankabwera podzuka. Kambale kankakhala kali pomwe paja, dzungu litauma pamwamba. Munthu wokhalira kuphika sataya chakudya, dzanja lake limakana lokha. Komanso akanakasiya chonchi, mkazi wake akanaona. Choncho ankapita nako pasinki, kumufulatira mwana, n'kulikokota dzungulo msangamsanga ngati wakuba. Akatero ankatsuka kambaleko bwinobwino n'kukavundikira pathandala la mbale. Kenako, kuti mtima ukhale pansi, ankakonza chakudya cha madzulo, choti mayi ake adzamudyetse akaweruka. Apa ndiye ankaonetsa luso: phala losalala lopanda kambulu ndi kamodzi komwe, nthochi yophwanyira pa sefa, mwina peyala lakupsa bwino.

Ndipo m'mawa mwake, akabwera kuchokera kuntchito, ankapeza kambale ka madzulo kaja kali kovundikira pathandala, koyera, kouma. Ankakayang'ana n'kupuma. Mwanayu kwa mayi ake amadya, ankadziuza. Amene akulephera ndine ndekha, ndipo masana amodzi okha sangamuphe munthu wodya madzulo.

Akanaulula kalekale pakanapanda telala uja. Tsiku lina mayi wa makinayo anakwera kudzabwereka machesi, n'kuwapeza awiriwo ali pachitseko, pa mwambo wawo wopatsirana mwana.

"Wanga uja pa msinkhu umenewu anandivutitsa," anatero telalayo akutsina tsaya la Kamasaya. "Supuni ankaiona ngati jakisoni. Uyu amadya?"

"Funsani bambo akewa," anayankha mkaziyo, ndipo mawu ake anali ndi kunyada komwe mwamunayo anali asanakumve kwa nthawi yaitali. "Anthuwa ali ndi dzanja. Kambale ndimakapeza ngati kanyambitidwa ndi mphaka."

Atatero anatambasula chala n'kumupukuta ufa pansidze, pamaso pa mlendo. Chala chimenecho chinali chitaiwala njira ya kunkhope kwake chibadwire mwana. Wophika bulediyo anali atatsegula kale pakamwa kuti anene zoona, koma anangotseka, n'kumwetulira ngati munthu wodzichepetsa. Tsiku limenelo anadya mbatata yosakaniza ndi karoti, ndipo inamukhala pakhosi.

Masabata anapita motero. Lamba wa bamboyo anasamukira pabowo lina. Koma tsiku lina, akumuvula Kamasaya kuti amusambitse, anaona kuti timizere tija ta pamkono, tomwe tinkaoneka ngati wamangidwa ulusi, tayamba kufufutika. Mwanayo ankaima atagwira mwendo wa tebulo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kukhalanso pansi msanga ngati wakumbukira kuti watopa. Masaya analipo, koma anali ngati abwerekedwa.

Masana amenewo malotowo anasintha. Chipinda chinali chachikasu chomwecho, makina a telala akupalasa chomwecho, koma kulemera kwa pachifuwa kuja kunayamba kuchepa. Kamasaya anapepuka, kupepuka, mpaka ananyamuka, botolo lili kukamwa, n'kumakwera pang'onopang'ono kulowera kudenga, osalira, akungomuyang'ana. Bamboyo anadzidzimuka atamugwira kaphazi mwamphamvu. Mwanayo anali pomwepo, ali mtulo. Koma mantha sanachoke, anakhala naye pa sofa mpaka madzulo.

Tsiku lopita ku sikelo linagwera pa tsiku lake lopuma, ndipo mkazi wake anasinthana ndi mnzake kuntchito kuti apitire limodzi.

"Mukafotokoze nokha mmene mumamudyetsera," anatero akumanga Kamasaya chipewa. "Mwina anamwino akupatsani mpando muphunzitse azimayi."

Mwamunayo anangoseka.

Kuchipatala anakhala pabenchi yaitali, m'khonde lonunkha mankhwala otsukira pansi. Ana ankalira mosinthana, wina akaleka wina n'kulandira. Pakhoma panali chithunzi cha mwana wonenepa atagwira supuni, akuseka ngati wapambana mpikisano, ndipo wophika bulediyo anasankha kuyang'ana nsapato zake. Atawaitana, anapeza namwino wachikulire, wa magalasi omangirira chingwe. Anamuika Kamasaya pa sikelo, kuyang'ana, kumuchotsa, kumuikanso. Anamukoka chikope cham'munsi ndi chala chachikulu, n'kusuzumiramo.

"Mwanayu waima," anatero. "Ulendo watha anali pomwepa, ulendo winawo pomwepanso. Mkaka akumwa?"

"Kwambiri," anayankha mayiyo.

"Chakudya amadya?"

"Amadya kwa bambo ake," anatero mkazi.

"Amadya kwa mayi ake," anatero mwamuna, nthawi yomweyo, mawu awo n'kugundana m'mwamba.

Namwinoyo anavula magalasi, kuwasiya alendewere pachifuwa. Anayang'ana uyu, kuyang'ana uyo.

"Ndafunsa funso limodzi, mwandipatsa mayankho awiri. Mayi, tiyambe ndi inu. Munamuonapo mwanayu akumeza chakudya, ndi maso anuwa?"

Mkaziyo anayang'ana pansi. Poyankha, mawu ake anali aang'ono ngati a mtsikana wa sukulu.

"Kwa ine amakana. Ndimafika nditatopa, iye akulira. Ndimati poti masana wadya kwa bambo ake, ndingomupatsa botolo agone."

"Nanga kambale ka madzulo kaja?" anafunsa mwamunayo, atayiwala kuti ali m'chipatala.

"Ndimadya ine, iye akagona," anatero mkaziyo. "Mumaphika bwino."

"Bambo, nanga inu?" anatero namwino.

"Dzungu lanu lija, mayi," anayamba iye, osamuyang'ana mkazi wake. "Ndi mbatata ija. Ndi dzira. Zonse."

Kamasaya, yemwe nkhani yonseyi inali yake, anali kutafuna chingwe cha chipewa.

"Ndiye mwina pa sikelo pakwere inu awiri," anatero namwinoyo, ndipo zinaoneka kuti akulimbana ndi kuseka. Koma sanaseke. "Mverani. Botolo si mdani, musakalitaye. Amwe m'mawa, amwe pogona. Koma thupi la msinkhu uwu likufuna zambiri zomwe m'botolo mulibe. Masana njala imupeze botolo lili kutali, chakudya chili pafupi. Alira, ndikukuuziranitu. Muzimusiya agwire, apake, aseweretse. Mubwere nayenso mwezi usanathe, ndipo akadzakhala kuti adakali pomwepa, tidzamuyeza magazi."

Anabwerera wapansi. Dzuwa linali pamutu, msewu ukunyezimira, ndipo kwa wophika bulediyo zonse zinkaoneka ngati zili kuseri kwa galasi: ogulitsa m'mashopu, njinga, galu wogona pansi pa galimoto yakufa. Anafika pakona pomwe pali malo ometera tsitsi, mkaziyo n'kuima.

"Miyezi yonseyi," anatero.

"Ndinkaopa kuti mudzati ndine bambo wachabechabe."

"Inu mukudziwa kuti ine ndinkalira kuntchito? Ndikusita nsalu za eni ake, misozi ikugwera pa nsalu. Ndinkati mwana wanga amadya kwa inu, ine mayi ake amandikana. Ndinkakuchitirani nsanje, bambo a Kamasaya. Ndinkakutamani pagulu, koma mumtima ndinkakuchitirani nsanje."

"Ine ndinkaona kambale kanu koyera n'kumati ndinu mfiti."

Mkaziyo anaseka, kuseka kwa misozi, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anayang'ana mwana amene anali m'manja mwa mwamuna wake, ndipo kusekako kunatha.

"Ife kunenepa," anatero, "mwana ali ndi njala."

Atafika kunyumba mkaziyo anaphika mbatata, kuiphwanya ndi foloko, kuthiramo mafuta pang'ono. Botolo analitsekera m'kabati, kuseri kwa mapoto. Anamukhazika Kamasaya pakampando, mayi mbali iyi, bambo mbali iyo. Kamasaya anayang'ana kushelefu. Panalibe kanthu. Anayang'ananso, kenako anawayang'ana iwo, ndipo nkhope yake inagwa ngati ya munthu amene abale ake amugulitsa.

Kulira kwa tsiku limenelo sikunali kowonda. Makina a telala pansi paja anaima. Mayi anayesa kasupuni, kanamenyedwa. Bambo anayesa galimoto yake ija, galimoto inachita ngozi pakhoma. Anamuikira mbatata pang'ono patebulo kuti agwire, iye anaisesera pansi ndi mkono wonse. Ola lija la sofa linali litakwana, ndipo thupi la bamboyo linkalidziwa ola limenelo kuposa wotchi. Maso ankalemera, kulirako kukumveka ngati kukuchokera m'chipinda china, dzanja lake likuyenda lokha kulowera ku ketulo.

"Ayi," anatero mkazi wake.

"Theka lokha."

"Ndati ayi. Mukuganiza kuti ine sizikundipweteka?"

Zinkamupwetekadi. Anakhala choncho, mwana akulira pakati pawo, mbatata ikuzizira. Ndipo apa m'pamene chizolowezi chinamugwira wophika bulediyo. Osadziwa n'komwe chomwe akuchita, ananyamuka, kutenga kambale, kupita nako pasinki, kufulatira, supuni n'kulowa m'kamwa.

"Taonani munthuyu!" anakuwa mkaziyo. "Ndiye mumatero? Ine ndili pompano? Bwerani kuno. Ngati mukudya chakudya cha mwana wanga, mudyere pano, ndikuoneni ndi maso anga, wakuba inu."

Anabwerera ali ndi manyazi a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Anakhala pansi, mbatata ili m'kamwa, ndipo poti kulavula sikukanatheka, anatafuna.

Kulira kunaduka.

Kamasaya anali kumuyang'ana pakamwa, maso ali tong'o, misozi ikadali lende m'zikope. Anayang'ana nsagwada zikuyenda, anatsatira ndi maso chinthu chikutsika pakhosi pa bambo ake, n'kudabwa ngati waona tebulo likuyenda. Ndipo bamboyo, m'tulo take tomwe tija, anazindikira chinthu chomwe anali asanachiganizirepo. M'nyumba imeneyi munthu anali asanadyepo pamaso pa mwanayu. Onse ankadyera kuntchito, kapena pasinki atafulatira, kapena iye atagona. Kamasaya ankaona supuni ikubwera kwa iye yekha tsiku ndi tsiku, chinthu chomwe wina aliyense sankachifuna.

"Musasiye," ananong'ona mkaziyo. "Tapaninso."

Anatapanso, n'kutafuna pang'onopang'ono, mokokomeza, akuchita kung'ung'udza kukoma. Mkaziyo anamulanda supuni, kutapa, kudya nayenso. Mutu wa Kamasaya unatembenukira kwa mayi ake. Supuni inabwerera kwa bambo, mutu unabwerera. Chipinda chinali chachikasu, chili zii, ndipo awiriwo ankapatsirana kasupuni kapulasitiki mosathamanga, osayerekeza kumuyang'ana mwanayo mwachindunji, ngati anthu oopa kuthawitsa mbalame yotera pazenera. Ndi kalekale pomwe anadyerapo limodzi, ndipo mbatata yozizirayo inkakoma modabwitsa.

Kadzanja kanatambasuka. Kanafika pamilomo ya bamboyo, kukanda, kufufuza komwe chakudyacho chikupita. Pobwerera, kachala kamodzi kanali ndi mbatata kunsonga. Kamasaya anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakalowetsa m'kamwa.

Nkhope inakwinyika, maso anatsinzina, phewa linagwedezeka. Makolo ake anasiya kupuma. Anadikira kuti alavule, poti ndi zomwe ankadziwa. Koma pakhosi paja, pansi pa kachibwano, panayenda kanthu kakang'ono, kutsika.

Kamasaya anatsegula maso. Anayang'ana supuni ili m'dzanja la bambo ake, anaweramira kutsogolo mpaka kansalu ka pakhosi kanakhudza tebulo, n'kuyasamula pakamwa ponse, timano take tiwiri tili poyera.

Wophika bulediyo anatsitsa supuni m'kambale. Supuniyo inagogoda pansi. Munalibe kanthu. Anali atamaliza.

"Yatha," anatero.

Mkaziyo anadumpha, mpando n'kugwa chagada. Kukhitchini kunamveka kabati ikutseguka, chivundikiro cha poto chikugubuduka pansi, iye akudzifunsa yekha mokweza kuti nthochi ija anaiika pati. Bamboyo anazungulitsa chala m'mbali mwa kambale, kukokota, osapeza ngakhale kodzaza chikhadabo. Anagwada pansi kuti nkhope yake ifanane ndi ya mwanayo.

"Dikira, mayi wanga," anatero. "Usatseke. Chonde usatseke, zikubwera."

Kamasaya sanatseke. Anakhala chiyasamulire, misozi ikuuma m'masaya, maso ali pa bambo ake. Mwanayo anali ndi njala, ndipo ankadikira.